Kodi Kuchuruka kwa Mbiri Ndiko Kuchuruka kwa Zoipa?

Masiku ano tikaturuka m'chalichi ndi kuima pabwalo kupatsana moni, kawirikawiri timva mau amodzimodzi kwa akuru ndi kwa anyamata omwe, akuti, Dziko laola. A Boma onse asanduka mbala, ndipo kuba kwa chaka chino kwaposa kwa chaka chatha. Tikafunsa kuti, Mwadziwa bwanji? atiyankha modabwa, nati, Nanga inu simumva wailesi? simuwerenga nyuzipepala? Palibe sabata lopita lopanda mbiri ya nduna kapena kalaliki wogwidwa ndi ndalama za anthu. Pamenepo nkhalamba zina zipukusa mitu, nizinena kuti kale zotere kunalibe.

Mau amenewa tawasinkhasinkha nthawi yaitali, ndipo tifuna kuwaika pabwalo monga aikira mlandu. Funso lache ndi ili: kodi pochuruka mbiri zamanyazi za olamulira, zamanyazizo zachurukadi? Wina adzati funso ili nlachabe, la anthu osowa chochita. Ife titi iai, pakuti chimene munthu akhulupira za dziko lache chitsogolera manja ache. Mnyamata amene wakhazikika mumtima kuti onse alikuba, sachedwa kuba iyenso tsiku lomwe ampatsa makiyi. Ndipo nkhalamba yoyesa kuti masiku a chete anali masiku oyera, idzakhumba kuti chete ameneyo abwerenso.

Tiyambe ndi fanizo la kumudzi. Anthu awiri anakolola chimanga, nasunga yense m'nkhokwe yache. Mmodzi akwerako mwezi ndi mwezi, natapa cha pansi, napeza anankafumbwe, nadandaula pa mudzi ponse. Winayo sakwerako konse, ndipo mwana akayandikira nkhokweyo amthamangitsa ndi ndodo. Mukafunsa m'mudzimo kuti nkhokwe ya anankafumbwe ndi ya yani, onse adzaloza ya woyambayo, pakuti ndiyo iri ndi mbiri. Koma pofika mwezi wa njala, kapena adzapeza kuti wodandaula uja alikudya nsima, ndipo mwini nkhokwe yopanda mbiri watsala ndi fumbi lokha. Mbiri inatiuza amene anasuzumira. Za chimanga inatiuza pang'ono.

Choipa chisanafike pa tsamba la nyuzipepala chiyenda ulendo wautali, ndipo zambiri zifera m'njira. Pafunika wina achione. Ndipo wochionayo akhale wosadyako, kapena wodyako koma wokwiya chifukwa anammana gawo lache. Pafunikanso akhale ndi mtima wakuchinena, ndi wolemba wakuchilandira wosaopa ndende. Pambuyo pa zonsezi pafunika malo pa tsamba tsiku limenelo, pakuti kukagwa chigumula kapena nkhondo, mbiri ya kalaliki wakuba ikankhidwira kumbuyo, niiwalika. Tsono tikaona mbiri zachuruka, chimodzi cha izi chasinthika, ndipo tisanafufuze sitidziwa ngati ndiko kuba kumene, kapena maso, kapena mantha, kapena malo a pa tsamba.

Ku America kunali mlembi wa nyuzipepala dzina lache Lincoln Steffens, amene m'buku la moyo wache, loturuka mu 1931, anaulula kanthu koseketsa ndi kochititsa mantha komwe. Pa zaka zija za 1895 kufikira 1897, pamene Theodore Roosevelt anali mkuru wa bungwe loyang'anira apolisi a mzinda wa New York, Steffens anamva apolisi alikukamba za kuba kwina m'nyumba yao ya nchito, nalemba nkhaniyo yekha. Mnzache wa nyuzipepala yina, Jacob Riis, anadzudzulidwa ndi mkuru wache chifukwa cha kuiphonya, nayamba kufukula milandu yina kuti amlake. Enanso analowa mumpikisanowo, ndipo posachedwa anthu a mumzinda anagona ndi mantha, poyesa kuti achifwamba achuruka ngati dzombe. Koma m'mabuku a apolisi chiwerengero cha milandu sichinakwere ai. Roosevelt anaitana alembi awiriwo nawauza aleke. Analeka, ndipo anthu anati mzinda wakhalanso pa mtendere. Mbala zinali zomwezo poyamba, pakati, ndi potsiriza pache.

Koma tisapite kutali, pakuti za kwathu ziphunzitsa koposa. Akuru amene anena kuti kale zotere kunalibe, akumbukira zaka za chipani chimodzi, ndipo anena zoona kuti pa wailesi sikunamveka mbiri ya nduna yakuba. Nanga ikadamveka bwanji? Wailesi inali imodzi, ya Boma. Nyuzipepala zazikuru ziwiri, Daily Times ndi Malawi News, zinali m'manja mwa olamulira. Lamulo la 1968 linaika bungwe lopenda zolembedwa ndi kuletsa zimene silinazifuna. Ndipo munthu wolankhula mosasamala akadapezeka ku Mikuyu wopanda mlandu woweruzidwa. M'mwezi wa Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka akufa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti anafa pa ngozi ya galimoto. Zinapita zaka 11 kufikira Boma latsopano linaika bungwe lofufuza mu 1994, ndipo bungwelo linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Dr. Banda ndi ena anazengedwa mlandu mu 1995, namasulidwa ndi bwalo. Ife sitiri oweruza kuti tipitirire pamenepo. Chimene tinena ndi ichi: wowerenga nyuzipepala za 1983 akadati chaka chimenecho chinali chopanda banga, ndipo wowerenga za 1995 akadati dziko ladzala mwazi, chinkana mwaziwo unakhetsedwa m'chaka choyambacho.

Chete uja anayamba kusweka pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya mabishopu a mpingo wa Katolika inawerengedwa m'machalichi ao. Ndipo pozungulira chisankho cha pa 14 Juni 1993, chimene anthu anasankha nacho zipani zambiri, nyuzipepala zinaphuka ngati bowa wa mvula yoyamba. Mu 1995 kunadza lamulo loletsa ziphuphu, limene linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau. Kuyambira pomwepo mbiri zamanyazi sizinaleka. Makolo adati mvula ikagwa kuchuruka zoliralira. Koma achule aja sanalengedwa usiku wa mvulawo, analipo chikhalire m'matope. Potero sitinena kuti kuba kwa zaka za ufulu nkochepa kuposa kwa kale. Kapena kunakuladi, pakuti mantha amene anatseka pakamwa pa alembi anamanganso manja a akalaliki ena. Tingonena kuti woyerekeza nyengo ziwirizi ndi nyuzipepala zao, afanana ndi woyesa nsaru ziwiri ndi mikono ya anthu awiri, wamtali ndi wamfupi.

Taonani tsono za Cashgate, zimene ambiri a ife tizikumbukira bwino. Usiku wa pa 13 Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, mkuru woyang'anira za bajeti ku unduna wa chuma, anaomberedwa pa chipata cha nyumba yache ku Lilongwe, koma sanafa. M'masabata omwewo apolisi anapeza mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba za anchito a Boma, ena a iwo a malipiro ochepa ndithu. Kunadziwika kuti Boma linali kulipira makampani amene sanagulitsa kanthu, ndipo zolembedwa zache zinafafanizidwa m'makompyuta. Openda mabuku a kampani ya Baker Tilly anawerenga ndalama zoposa K13 biliyoni zotayika m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo kufikira Seputembala. Tsono funsani: kukadapanda kulira mfuti ija, tikadamva liti? Pakuti kupenda kwina, kwa zaka za 2009 kufikira 2014, kunapeza K577 biliyoni zosalongosoka m'mabuku a Boma. Ndiko kunena kuti chiboo chinalipo zaka zambiri nyuzipepala zisanachione. Mwezi wa Ogasiti 2013 unali wa chete, koma kuba kunali pa chimake. Mwezi wa Novembala unali wa phokoso, pamene akuba ambiri anali atagwa mphwayi ndi mantha.

Pano tipatukeko pang'ono, pakuti chiwerengero chija cha K577 biliyoni chiri ndi phunziro lachenso. Chinayenda pakamwa pa anthu monga ndalama zakubedwa zonse. Koma openda anati ndizo ndalama zimene mabuku sanagwirizana pa izo, ndipo atapendanso chiwerengero chinatsika kufika K236 biliyoni. Ichinso nchoopsa, komatu ochuruka anamva choyambacho, ndipo owerengeka okha anamva chachiwiri. Mbiri yoyamba ithamanga, kukonza kwache kubwera pambuyo kulikutsimphina.

Dzina lomwelo la Cashgate nlobwereka. Lichokera ku Watergate, nyumba ya ku Washington imene inathyoledwa mu 1972, mlandu umene unachotsa Richard Nixon pa mpando mu 1974. Chiyambire pamenepo alembi a maiko ambiri amata mchira womwewo pa mlandu uli wonse, waukuru ndi waung'ono; ndipo womva maina ofanana ayesa kuti milandunso njofanana.

Ku Britain zinachitika momwemo. M'mwezi wa Meyi 2009 nyuzipepala ya Daily Telegraph inapeza mabuku a ndalama zimene aphungu anali kulandira pa nyumba zao ndi zina zotere, nisindikiza tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri. Mmodzi adafuna Boma limlipirire kanyumba ka abakha. Mkuru wa Nyumba ya Malamulo anatula udindo, ndipo anthu anati aphungu a mbadwo uno aipa koposa makolo ao. Koma mwambo umenewo unalipo zaka zambiri. Chatsopano chinali lamulo la 2000 lopatsa anthu ufulu wa kufunsa zolembedwa za Boma, ndi munthu amene anaturutsa mabukuwo. Ndipo pa aphungu 646 a Nyumba imeneyo, oposa 300 anauzidwa kubweza ndalama, koma olowa m'ndende sanafika 10. Woyesa kuti onse anali oyera analakwa. Woyesa kuti onse anali a ndende analakwanso.

Munthu wina wa maphunziro ku America, Brendan Nyhan, anawerenga masamba a nyuzipepala ya Washington Post kuyambira 1977 kufikira 2008, kuti aone nthawi imene mbiri zamanyazi za mtsogoleri wa dziko zibuka. Anapeza kuti zibuka makamaka pamene anthu a chipani chotsutsa amuda kwambiri, ndi pamene nkhani zina zasowa. Koma pochuruka nkhani zina zazikuru, mtsogoleri apuma. Ngati kuli tero, ng'oma ya mbiri imvera nyengo ndi mitima ya oimba, kuposa umo imvera kulakwa kwa woimbidwayo.

Apa pali mbuna imene tichenjere nayo. Wolamulira wakuba akamva zonsezi adzakondwa, nadzati, Mwamva? nza nyuzipepala chabe, nza adani anga. Mau amenewa tawamva kwa maboma onse, ndipo sitiwabvomereza. Utsi sufuka popanda moto. Ndalama za Cashgate zinatayikadi. Maiko othandiza, amene anali kupereka pafupifupi magawo 40 mwa 100 a bajeti yathu, analeka kuika ndalama m'thumba la Boma, ndipo amene anamva kuwawa ndiwo odwala osowa mankhwala ndi aphunzitsi odikira malipiro, osati akubawo ai. Pakuti zoipa zambiri zifera m'njira zisanalembedwe, tiyesa kuti kawirikawiri zolembedwa nzochepa kuposa zochitika. Kulakwa kwa mbiri ndiko kuti igwa molumphalumpha: apa mvula yamkuntho, apo dontho lokha, osalingana ndi kukula kwa tchimo. Ndipo kuba kwina sikukhala mbiri konse chifukwa nkwa tsiku ndi tsiku: kangachepe ka pa mseu, thumba la feteleza losochera, mankhwala oturukira pa khomo la kuseri. Zimenezi zikaphatikizidwa chaka chonse, kapena zingapose mlandu umodzi wa nduna, koma palibe aziimbira ng'oma.

Nanga chifukwa ninji tinyengeka msanga chotere? Chifukwa mtima wa munthu uwerenga ndi chikumbumtima chache, ndipo chimene ukumbukira msanga uchiyesa chochuruka. Akatswiri awiri, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anaonetsa ichi ndi mayeso ao mu 1973. Koma wowerenga Malembo anachidziwa kale mwa Eliya. Mneneriyo, atathawa Yezebeli nafika ku Horebu, anadandaula kuti wokhulupirika watsala iye yekha. Sananama dala, ananena monga mwa zimene adaona ndi kumva, pakuti opembedza Baala anali ndi phokoso ndi maguwa, ndipo okhulupirika anali chete m'nyumba zao. Koma Mulungu anali ndi chiwerengero china, cha anthu 7,000. Kalaliki amene wasunga ndalama za Boma zaka 30 osasowetsa tambala, apuma nchito napita kwao kukalima, ndipo dzina lache sililembedwa pa tsamba liri lonse. Otere alipo angati sitingathe kuwawerenga ndi wailesi, pakuti wailesi siwaona.

Chifukwa chache titi mau aja akuti onse ndi mbala akhudzana ndi lamulo lachisanu ndi chinai, lija la umboni wonama. Tazolowera kuyesa kuti lamuloli liswedwa ponamizira munthu mmodzi. Koma wonamizira khamu lonse wanamizira yense wa m'khamumo, pamodzi ndi mkuru wa mpingo amene akhala naye pa mpando umodzi Lamulungu. Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ngwa asodzi, ndipo pa nsomba unena zoona; pa anthu ukondweretsa wakuba yekha, pakuti ngati onse aola, iye alibe manyazi apadera. Tiyesa kuti palibe mphatso imene mbala ikondwera nayo koposa iyi. Momwemonso woyamikira masiku a chete achitira umboni wonama amene anafera m'chete momwemo.

Tsono tidziwe bwanji zoona zache? Ambiri athamangira ku mndandanda wa bungwe la Transparency International, woturuka chaka ndi chaka kuyambira 1995, woika maiko m'mizere monga ana a sukulu. Uli ndi nchito yache. Koma eni ache omwe anena poyera kuti uyesa maganizo a akatswiri ndi amalonda, ndipo iwonso awerenga nyuzipepala monga ife. Njira yoposa ndiyo yotopetsa, ya kukumba. Ku Indonesia, m'zaka za 2003 ndi 2004, Benjamin Olken anatuma amisiri ku midzi yoposa 600 imene inalandira ndalama zomangira miseu. Anakumba maenje m'miseuyo, nayesa miyala ndi mchenga, nafunsa mitengo kwa ogulitsa, nayerekeza ndi zolembedwa m'mabuku. Ndipo anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 linasowa. Anafunsanso anthu a m'midzimo ngati ayesa kuti panali kuba. Maganizo ao analoza koona pang'ono pokha: pamene mitengo inakwezedwa anazindikira, koma pamene miyala inachepetsedwa pansi pa mseu sanadziwa, ndipo kuba kwambiri kunali komweko. Ngati anthu oyenda pa mseuwo tsiku ndi tsiku analephera kuyesa, nanga ife omva za ku Lilongwe pa wailesi? Kwathu kuno malipoti a mkuru wopenda mabuku a Boma ndi ziweruzo za mabwalo ziripo, ndipo lamulo la ufulu wa kupeza zolembedwa za Boma linayamba kugwira nchito mu 2020. Nzosakoma kuwerenga, ndipo chifukwa chache owerenga ngochepa. Koma aphunzitsi ndi ena odziwa zilembo m'mipingo mwathu akadachita bwino kuzifuna ndi kuzimasulira kwa anzao.

Sitingatsirize osayang'ana m'nyumba mwathu. Mpingo unena kawirikawiri za kuba kwa Boma, koma za thumba lache ukonda chete. Msungichuma akasowetsa chopereka, akuru akomana mseri, namchotsa mwakachetechete, nati tisachititse manyazi dzina la Ambuye. Ndipo pambuyo pache tidzitama kuti mwa ife mulibe mbiri zotere. Imeneyo ndiyo nkhokwe yachiwiri ija. Malembo sachita tero. Alemba poyera za Akani, za Gehazi, za ana a Samueli olandira chokometsera mlandu, ndi za Yudase wosunga thumba; ndipo wowerenga mosazindikira angati anthu a Mulungu anaipa koposa amitundu, pamene kusiyana kwache ndiko kuti alembi ao sanabisa. M'masiku a mfumu Yoasi bokosi la zopereka likadzala, silinatsegulidwa ndi munthu mmodzi, koma mlembi wa mfumu ndi mkuru wa ansembe anawerenga pamodzi. Paulonso, ponyamula mphatso ya oyera a ku Yerusalemu, anafuna abale osankhidwa ndi mipingo apite nayo pamodzi, kuti pasakhale womnenera.

Tipempha tsono akuru a mipingo yathu kuti zopereka ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, ndi kuti mabuku awerengedwe pamaso pa Akristu onse pakutha pa miyezi itatu iri yonse. Tidziwiratu chimene chidzatsata. M'chaka choyamba milandu ya ndalama idzamveka yambiri kuposa zaka zonse zapitazo, ndipo padzauka ena pabwalo la chalichi lomwelo onena kuti mpingo waola, natchula mwambo watsopanowo kuti ndiwo wabweretsa kuba. Akuru akonzeke kuwayankha mofatsa, ndi mabuku a zaka za m'mbuyo m'manja, ngati mabukuwo alipo.